KUONA ZONYEZIMIRA M'MASO POPANDA MUTU KUWAWA

Mutu wa cing'alang'ala ambiri tiudziwa. Ugunda mbali imodzi monga ng'oma, munthu amva mseru, ndipo safuna kuwala kapena phokoso. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2015 anapeza kuti muno m'Zambia munthu wamkulu mmodzi pa asanu alionse amadwala mutu umenewu. Koma ulipo mtundu wina wa cing'alang'ala umene ufika popanda mutu kuwawa, ndipo ndiwo tikambirana sabata ino, kaamba kakuti uvutitsa azimai a zaka zapakati pa 45 ndi 55, nthawi imene aleka kupita kumwezi.

Ciyambi cake cimakhala cotere. Mai ali kusankha nyemba kapena kuwerenga ndalama pamsika, angoona kadontho kothwanima pafupi ndi cimene ayang'ana. Kadonthoko kakula pang'ono-pang'ono, nikakhala mzere wokhotakhota monga mano a sowo, wonyezimira monga malata padzuwa la mu October. Akayang'ana mnzao aona nkhope mbali imodzi cabe. Pakapita mphindi 20 kapena 30 mzerewo ufika kumbali kwa maso ndi kuzimirira. Ena amva dzanzi loyambira kuzala, likwera kudzanja, lifika pamilomo ndi lilime, ndipo mau asokonezeka pang'ono. Cizindikiro ciliconse citenga mphindi 5 kufikira ola limodzi. Pambuyo pake munthu atsala wotopa, koma mutu osawawa, kapena ungolemera cabe.

Ngakhale zioneka m'maso, vuto siliri m'diso ai. Liri kumbuyo kwa bongo, kumene kumasulira zimene maso aona. Mu 1944 katswiri wa ku Brazil, Aristides Leão, poyesa akalulu anapeza kuti pabongo pamatha kuyenda funde la mphamvu, ndipo kumene lapita bongo ukhala cete kwa kanthawi. Funde limeneli liyenda mamilimita atatu cabe pa mphindi, monga moto woyenda m'udzu kopanda mphepo. Ndico cifukwa cake mzere uja ukula mosafulumira. Mu 1980 dokotala wa ku Canada, C. Miller Fisher, analemba za anthu opitirira zaka 40 amene zimenezi zinawayamba atakula kale, ena popanda mutu, ndipo ambiri a iwo anali kuganiziridwa sitiroko.

Nanga kuleka kumwezi kulowapo bwanji? M'thupi la mzimai muli mphamvu yocedwa esitrojeni, imene iyendetsa masiku ake a kumwezi. Pazaka zosinthira, mphamvuyi siitha tsiku limodzi. Mwezi uno ikwera kwambiri, mwezi wamawa itsika, ndipo bongo wa munthu wa cing'alang'ala sukondwa ndi kusinthasintha kotere. Onjezanipo kutentha thupi ndi thukuta la usiku zimene zilanda tulo. Akaleka kweni-kweni, azimai ambiri mutu uwacepera, koma zonyezimira zija kwa ena zitsalira. Motero mai amene pa utsikana anali kugona ndi nsalu yomanga kumutu, tsopano angoona mizere cabe, ndipo sazindikira kuti ndi matenda omwe aja.

Pano ndipo pafunika kumvetsetsa, cifukwa sitiroko yaing'ono, imene ibwera ndi kutha yokha, ifanana nazo, koma iyo ndi cenjezo lakuti yaikulu ili pafupi. Cing'alang'ala ciyenda pang'ono-pang'ono, ndipo cibweretsa zinthu zimene panalibe, monga kuwala, mizere ndi kunyerenyetsa. Sitiroko igwa mwadzidzidzi, zonse nthawi imodzi, ndipo icotsa zimene zinalipo: mphamvu ya dzanja, kuona, kulankhula. Ngati pakamwa papotoka, dzanja kapena mwendo wafooka kotero kuti kapu igwa, mau sakutuluka, kapena zizindikiro zapitirira ola limodzi, musadikire kuti kuce. Pezani galimoto nthawi yomweyo. Ngakhale zitatha panjira, fikani ndithu.

Yesaninso ici zikayamba: tsekani diso limodzi, kenaka linzake. Cing'alang'ala cioneka m'maso onse awiri, ngakhale mutatsinzina. Koma ngati diso limodzi lokha lacita mdima, kapena muona zong'anima ndi timadontho takuda tambiri, ndi cinthu conga nsalu yotsika, imeneyo ndi nkhani ina yofuna a zamaso tsiku lomwelo. Amene amwa mankhwala a shuga akumbukirenso kuti shuga akatsika kwambiri maso acita cidima, thupi linjenjemera ndi kutuluka thukuta.

Ine ndinena kuti aliyense amene zamuyamba koyamba atapitirira zaka 40 apimidwe, asadzigamulire yekha kuti ndi cing'alang'ala. Inu a ku Kapata, Mchini ndi Nabvutika cipatala muli naco pafupi. Koma ambiri muli ndi amai anu kapena apongozi kumudzi, monga kwa a Mfumu Zingalume ku Chadiza, kumene munthu akaona zothwanima masana ayamba waganiza za mizimu kapena za mnansi amene anakangana naye pa malire a munda. Masabata apita ali kufunsira kwina, BP osapimitsa. Muwauze ayambe kukiliniki yapafupi kukapimitsa BP ndi shuga. Ngati pali cokayikitsa adzawatumiza ku Chadiza District Hospital, ndipo pakafunika kuunika kwina apitirira ku Chipata Central Hospital. Nthawi ya mvula, pamene miseu ivuta, panganiranitu za mayendedwe ndi wina wa galimoto kapena njinga yamoto.

Tilimbikira za BP cifukwa cing'alang'ala ca zonyezimira cionjezera ngozi ya sitiroko pafupi-fupi kawiri. Paokha ngoziyi ndi yaing'ono, koma ikakumana ndi BP, shuga ndi fodya ikula. Fodya tikunena ndi yense, ndi nsunko yomwe, imene azimai ena aika m'mphuno kapena pansi pa mlomo namati si fodya weni-weni. Mcere ndi soda m'ndiwo cepetsani.

Cina ndi mapilisi olera. Mai amene aona zonyezimira sayenera kumwa mapilisi okhala ndi esitrojeni, monga Microgynon, ndipo bungwe la World Health Organization liletsa zimenezi poyera. Koma musangoleka kulera, pakuti mimba itheka ngakhale masiku ayamba kudumphadumpha. Kulera kupitirire mpaka papite caka cathunthu osaona kumwezi ngati mwapitirira zaka 50, kapena zaka ziwiri ngati simunafike 50. Auzeni anamwino za maso anu, adzakusankhirani njira ina monga lupu. Cimodzimodzi amene afuna mankhwala ocepetsa kutentha thupi: saletsedwa, koma adokotala adziwe, cifukwa opaka kapena omata pakhungu, pamlingo wocepa, ndiwo oyenera kuposa akumwa.

Zikayamba, khalani pansi pamthunzi. Cokani pambaula, lekani mpeni, ndipo ngati muli panjinga kapena muyendetsa galimoto imani pambali. Imwani madzi ndi kudikira. Panado ndi Brufen sizicotsa mizere ija, nchito yake ndi mutu ngati watsatira. Apa ambiri alakwa, amwa mapilisi a pakantemba tsiku ndi tsiku poopa kuti zingabwere. Mankhwala a mutu akamwedwa masiku 15 pamwezi, kapena masiku 10 ngati ndi osakaniza ndi kafeini, iwo eni ayambitsa mutu wosatha. Aspirin wa tsiku ndi tsiku nayenso musayambe nokha, angakutupuleni zilonda za m'mimba.

Zoputa matendawa zisiyana munthu ndi munthu, koma zimene timva kawiri-kawiri ndi kukhala ndi njala mpaka madzulo pamsika kapena kumunda, ludzu, kucezera pamaliro, nkhawa za sukulu fizi, mowa, ndi kuwala kwa dzuwa pamalata kapena pamadzi. Gulani kabuku ka ana a sukulu. Lembani tsiku, nthawi imene zayamba ndi imene zatha, cimene munaona, mmene munagonera, ndi ngati munali kumwezi. Ngati kulemba kuvuta, mdzukulu alembe. Pakatha miyezi itatu bwerani nako kabukuko pamodzi ndi mankhwala onse amene mukumwa, ndi acikuda omwe. Ngati zibwera kawiri-kawiri mpaka kuimitsa nchito, alipo mankhwala oteteza monga amitriptyline ndi propranolol, amene amwedwa tsiku lililonse ndipo atenga masabata angapo kuti aonetse mphamvu. Propranolol sapatsidwa kwa munthu wa mphumu, motero ngati muli nayo nenani adokotala asanalembe.