Kumanga ndi Kulumikiza Nyali Zowonjezera pa Galimoto Yaing'ono

Nyali zowonjezera, zimene madalaivala ambiri amazitcha masipotilaiti, zimamangidwa kutsogolo kwa galimoto kuti ziunikire kutali kuposa pamene nyali za fulu zimalekezera. Zilipo za mababu a halogen ndi za LED. Ntchito yake ndi ya usiku pa misewu italiitali yopanda magetsi, monga M1 kapena M5 ya kunyanja, kumene njinga, ngolo ndi ng'ombe zimangotulukira mumdima. N'zosiyana ndi nyali za nkhungu, zomwe zimaunika pafupi ndiponso mofalikira.

Zida zofunika n'zochepa: nyalizo, relay ya mavolti 12 ya mapini anayi yopirira maampu 30, fyuzi ndi kabokosi kake, swichi, waya wofewa wa galimoto ndi timitu tachitsulo tofinyira kumapeto kwa waya. Nyali zimamangidwa pa chitsulo chogwira thupi la galimoto, osati pa pulasitiki ya bampala, chifukwa imagwedera ndipo kuwala kumavinavina. Zisatseke nambala, maindiketa kapena malo olowera mphepo ya ku rediyeta. Ntchito isanayambe, waya wa negativu amachotsedwa pa batire.

Vuto limene likupezeka kawirikawiri

Galimoto zambiri zokhala ndi nyalizi zilibe relay, ndipo zina zilibe ngakhale fyuzi. Womanga amangosenda waya wa nyali ya fulu, n'kupotera pomwepo waya wa sipotilaiti, n'kukulunga tepi. Nyali zimayaka, mwini galimoto amalipira n'kumapita akusangalala. Ngozi imabwera pambuyo pake.

Masamu ake ndi osavuta. Babu la mawati 55 pa mavolti 12 limakoka maampu pafupifupi 4.6, ndiye awiri amapitirira maampu 9. Mababu awiri a mawati 100 amakoka pafupifupi maampu 17. Mawaya ndi swichi ya pachiwongolero ya Vitz, Passo, March kapena Mira adapangidwa kuti anyamule nyali zimene galimotoyo idabwera nazo, basi. Akawonjezeredwa katundu wotere amatentha, pulasitiki yake imauma n'kuyamba kusweka, ndipo m'kati mwa swichi mumapserera. Poyamba fyuzi ya nyali imapsa, komwe ndi kuchenjeza. Chomvetsa chisoni n'chakuti m'malo momvera chenjezolo, m'magalaja ena amaikamo fyuzi yaikulu, kapena kanthambo ka waya, kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Zikatero palibenso choteteza. Tsiku lina swichi imalephera galimoto ili pa liwiro, nyali zonse n'kuzimira pamodzi, za fulu ndi zowonjezera zomwe.

Njira ina yolakwika ndiyo kukoka waya kuchokera pa batire mpaka pa swichi ya pa dashibodi popanda fyuzi. Wayayo amadutsa pa bowo la chitsulo cholekanitsa injini ndi mokhala anthu, nthawi zambiri popanda labala womuteteza. Pa misewu ya mabampu chitsulo chimamudya pang'onopang'ono mpaka kuchita shoti. Batire la galimoto limatha kutulutsa maampu mazanamazana pa shoti yotere: waya amafiira m'masekondi ochepa, ndipo moto umayambira pansi pa dashibodi, pafupi ndi miyendo ya dalaivala. Kuzimitsa injini sikuthandiza, popeza wayayo achokera pa batire penipeni. Kulumikiza kotereku kumachititsanso kuti nyali zisamvere dimu, choncho zimapitiriza kuthobwa m'maso oyendetsa ena. Waya wa m'nyumba wa mtima umodzi ndi waya wa masipika, amene amakonda kugwiritsidwa ntchito chifukwa ali pafupi, sayenera konse: woyambayo amathyoka ndi kugwedezeka, winayo sapirira kutentha kwa mu injini.

Kalumikizidwe koyenera

Ambiri mwa mavutowa amatha ndi relay, kachipangizo kochepa ngati bokosi la machesi. Relay imalola kuti mphamvu yaikulu iyende njira yaifupi, kuchokera pa batire kupita ku nyali, pamene swichi ndi waya wa fulu zikungotumiza kamphamvu kosafika ampu imodzi koyiuza kuti itsegule. Nyali zimawala mokwanira, swichi ya pachiwongolero siimvanso katundu, ndipo mawaya a fakitale amakhala monga adabwerera. 

Mapini a relay ali ndi manambala. Pini 30 imalandira waya wochokera ku pozitivu ya batire, ndipo fyuzi imakhala pa waya ameneyu pafupi kwambiri ndi batire, osapitirira masentimita 20. Fyuzi ikakhala kutali, gawo lonse la waya lisanafike pa iyo limakhala losatetezedwa. Pini 87 imapita ku nyali. Pini 86 imalandira waya wochepa wochokera ku fulu kudzera pa swichi ya pa dashibodi, ndipo pini 85 imapita ku ethi, ndiko kuti ku thupi la galimoto. Mwanjira imeneyi nyali zowonjezera zimayaka pokhapokha fulu ikayaka ndipo swichi ili yotsegula. Dalaivala akangodima, zimazima zokha.

Pa mababu awiri a mawati 55, waya wa 2.5 mm² ndi fyuzi ya maampu 15 n'zokwanira. Fyuzi imasankhidwa kuti iteteze waya, motero siyenera kupirira mphamvu yoposa imene wayayo anganyamule. Nyali za LED zimakoka mphamvu yochepa, zomwe n'zabwino pa galimoto ya alitineta yaing'ono, koma mawati olembedwa pa katoni nthawi zambiri amakhala okokomeza, ndiye ndi bwino kuyeza ndi mita. Nazonso zimafuna relay ndi fyuzi.

Galimoto zambiri za Toyota zimayatsa nyali podula ndi kulumikiza ethi, osati pozitivu. Pa galimoto zotere, pini 85 ikamangidwa ku thupi la galimoto masipotilaiti amatha kuyaka pa nthawi ya dimu. Womanga ayenera kuyeza kaye pa soketi ya babu. Galimoto ikakhala ya mtundu umenewu, mapini 85 ndi 86 amalumikizidwa pakati pa waya wa pozitivu wa pa soketiyo ndi waya wa fulu. Mawaya achikasu a airbag sayenera kukhudzidwa n'komwe.

Ethi ya nyali imamangidwa pa bawuti ya chitsulo chopalidwa penti ndi dzimbiri. Polumikiza paliponse pamafinyidwa ndi kamutu kachitsulo kapena kuwotcherera, osati kupota ndi zala. Waya amadutsa pa bowo la labala, amamangidwa kuti asalendewere, ndipo amatalikirana ndi ekizozi ndi fani.

Mtengo, kulunjika ndi kagwiritsidwe ntchito

Mitengo imasiyana malinga ndi sitolo, mtundu wa nyali ndi mphamvu ya kwacha, koma kawirikawiri relay, fyuzi ndi waya wabwino zimadya gawo laling'ono la ndalama ya nyalizo, ndipo n'zotsika kwambiri poyerekeza ndi swichi ya pachiwongolero kapena mawaya onse a galimoto. Masitolo ena amagulitsa zonsezi zolumikizidwa kale.

Polunjika nyali, galimoto imaimikidwa pamalo athyathyathya, mamita 8 kuchokera pa khoma. Pakati pa kuwala payenera kugwera pa msinkhu wa nyaliyo kapena m'munsi pang'ono, molunjika kutsogolo, osapendekera kumanja kumene kumadutsa galimoto zobwera. Nyalizi siziyatsidwa m'tauni, pamalo a malonda, potsatira galimoto ina, kapena pokumana ndi wanjinga ndi woyenda pansi, chifukwa nawonso amathobwa n'kusochera mumsewu. Za chiwerengero ndi malo ololedwa a nyali, mwini galimoto afunse ku ofesi ya Road Traffic asanagule, popeza nyali zimayenderedwa pa COF.

Ntchito ikatha, nyali zimayatsidwa kwa mphindi 10 injini ikulira, kenako mawaya, relay ndi kabokosi ka fyuzi zimakhudzidwa ndi dzanja. Pamene patentha pali polumikiza pofooka kapena waya wochepa, ndipo pakonzedwe galimoto isanayende usiku. Mabawuti a nyali amamangidwanso pakatha sabata yoyamba.