Wi-Fi ingapulumutse bandulo ya wamalonda

Ogulitsa manachesi ku Mwanza amatumiza zithunzi za katundu pa WhatsApp kwa ogula a ku Blantyre, koma bandulo ya Airtel kapena TNM sichedwa kutha. Zimene zimadya kwambiri ndi mavidiyo ndiponso ma app odzikonza okha mwakachetechete.

Foni ikalumikizidwa ku Wi-Fi ya pa loji kapena ya mu ofesi paboma, intaneti imachokera pa rauta ya pamalopo, choncho bandulo siikhudzidwa. Wamalonda atchere WhatsApp ndi Play Store kuti zizitsitsa zinthu zolemera pa Wi-Fi pokha.

Chenjezo nlakuti pa Wi-Fi yopanda pasiwedi asatsegulepo app ya banki. Potumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, angoimba makodi a masiku onse, chifukwa amenewo safuna intaneti.