MADZI A M'MBALE NDI ADANI ASANU A MTIMA

Anzanga, ndani mwa ife sanakhalepo pa pulepu maola awiri athunthu, buku lili chitsegukire, koma polira belu napeza kuti sanatsirize ngakhale tsamba limodzi? Ine zinandigwera teremu yatha, ndipo masamu ndinalephera. Thupi linali m'kalasi, koma mtima unali kwathu ku Ndirande kumene ndinasiya mai akudwala. Tsono popeza mayeso a Folomu 4 ayandikira, ndati ndikugawireniko phunziro limene landithandiza.

Anzathu a ku Machinjiri adziwa malo olerera ana amasiye ochedwa Amitofo Care Centre ku Mapanga, pa mseu wa ku Zomba, amene anayambitsa Hui Li, mphunzitsi wa Chibuda wochokera ku Taiwan. Anthu amatama ana a kumeneko chifukwa cha kung fu, koma chimene chinandikopa ine kufunsa ndi kuwerenga ndicho mwambo wa Abuda wokhala chete ndi kuyang'anira maganizo ao.

Mwini chiphunzitsochi, Siddhartha Gautama, amene amuchula Buddha, anabadwira ku Lumbini, m'dziko limene lero ndi Nepal, zaka pafupi-fupi 2,500 zapitazo. Iye anafanizira mtima ndi madzi a m'mbale m'mene munthu afuna kuonamo nkhope yake, nachula zinthu zisanu zoononga madziwo:

1. Chilakolako chili ngati madzi othiramo utoto. Uona zokhumba zako zokha, kaya nsima ya madzulo, kaya kalata ya bwenzi.

2. Mkwiyo uli ngati madzi owira. Amene anakunyoza ku gome uli kukangana nayebe mumtima.

3. Ulesi ndi tulo zili ngati madzi ophimbidwa ndi ndere.

4. Kusakhazikika ndi nkhawa zili ngati madzi obvundulidwa ndi mphepo. Uyu ndiye anali mdani wanga.

5. Chikaiko chili ngati madzi a matope, monga Nasolo itagwa mvula. Ufunsa, "Kodi ine nkukhoza?" nuleka osayesa.

Nanga tichite bwanji? Musanatsegule buku, khalani tsonga mphindi zisanu, ndipo mverani mpweya polowa ndi potuluka m'mphuno, mukuwerenga kufikira khumi. Posachedwa mmodzi wa adaniwa afika ndithu. Musalimbane naye, ndiponso musadzidzudzule, pakuti wotakasa madzi a matope ndi dzanja sawayeretsa. Ingomuchulani dzina chamumtima, kuti, "Iyi ndi nkhawa," nimuone pamene akhala m'thupi, kaya pa chifuwa kaya m'mimba, ndipo bwererani ku mpweya. Akabwera kakhumi, bwererani kakhumi. Nchito yake ndi yomweyo.

Adani ena ali ndi mankhwala ao-ao. Pa mkwiyo, Abuda amazolowera kufunira zabwino munthu amene anawalakwira. Pa tulo, mabuku ao asimba kuti Buddha anapeza wophunzira wake Moggallana akusinza, namulangiza kukoka makutu, kusisita miyendo ndi manja, kusamba m'maso, kuyang'ana nyenyezi, ndi kuyenda-yenda. Zonsezi zikakanika, agone ndithu, koma adzuke msanga. Anzanga a pa desiki ya kumbuyo, mwamva?

Wina adzati, "Kodi ufuna kutitembenuza?" Iai. Mpweya ngwa Mkristu ndi Msilamu yemwe. Mu 1979 Jon Kabat-Zinn anayamba kuphunzitsa njira yotere kwa odwala pa University of Massachusetts ku America popanda kusintha chipembedzo cha munthu. Koma tisaiwale kuti kwa Abuda eni ake suli mwambo wa mayeso chabe. Ndi mbali ya njira yao yothetsera masautso.

Mai sanachire chifukwa ine ndinakhala chete. Anachira ndi mankhwala a ku chipatala. Nkhawa imandichezerabe usiku uli wonse, koma tsopano ndimaizindikira pa khomo, ndipo tsamba ndimalitsiriza. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Yesani sabata imodzi, tidzafunsane Lolemba.

Wa Folomu 4