Kufufuza Vuto pa Nyale ya Arduino Yoyaka Yokha Kukada

Nyale yoyaka yokha kukada ndi imodzi mwa ntchito zoyamba zimene ophunzira amapanga ndi Arduino Uno, kakompyuta kokwana m'dzanja kamene mtundu wake unayambira ku Ivrea m'dziko la Italy mu 2005. Chimene chimamva kuwala ndi LDR, kachipangizo kokhala ndi mzere wokhotakhota pamwamba, kamene kamalola magetsi ambiri kudutsa kukawala ndipo kamawatsekereza kukada. Arduino imasandutsa mphamvu ya magetsi ofika pa bowo la A0 kukhala nambala ya pakati pa 0 ndi 1023, ndipo pulogalamu yolembedwa pa kompyuta imayatsa kababu kotchedwa LED nambalayo ikatsika kupyola malire oikidwa.

Nyale ikakana kuyaka, ambiri amathamangira kunena kuti Arduino yapsa, pomwe kawirikawiri vuto limakhala pa waya mmodzi wolowa bowo lolakwika. Nchifukwa chake mbali iliyonse iyenera kuyesedwa payokha, kuyambira pa Arduino yeniyeniyo: pulogalamu yachitsanzo ya Blink ikalowetsedwa, kababu kopangidwira pa bolodi, kolumikizidwa ku bowo 13, kamayamba kuphethira, ndipo zikatero bolodiyo ndi yamoyo.

Chotsatira ndi LED, imene imalola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha. Mwendo wake wautali uyenera kuloza ku bowo lotulutsa magetsi, waufupi ku GND, kumene magetsi amabwerera, ndipo ikatembenuzidwa imangokhala chete ngakhale ili yabwinobwino. Panjira yake pamafunika resistor, kachipangizo kochepetsa magetsi, ya maohm 220, yodziwika ndi mizere iwiri yofiira ndi umodzi wabulauni. Popanda iyo kababu kangapse, ndipo bowo la Arduino, limene siliyenera kupitirira 40 mA, lingawonongeke. Kathabwa kobayapo mawaya, kotchedwa breadboard, nakonso kamasokoneza oyamba kumene, chifukwa timabowo tisanu ta mzere umodzi n'tolumikizana mkati, kotero miyendo yonse iwiri ya LED ikalowa mumzere umodzi magetsi amailambalala osaiyatsa.

Mbali yofuna kudekha kwambiri ndi ya LDR, popeza vuto lake silioneka ndi maso. Mwendo wake umodzi umapita ku bowo la 5V, wina ku A0, ndipo kuchokera pa A0 pomwepo resistor ya maohm 10,000 imatsikira ku GND, kuti ziwirizi zigawane mphamvu ya magetsi molingana ndi kuwala. Njira yodalirika ndi kulamula Arduino kuti izitumiza manambala ku Serial Monitor, zenera loonetsa pa kompyuta zimene bolodi ikuwerenga, liwiro la mbali zonse ziwiri litaikidwa pa 9600, kenaka n'kuphimba LDR ndi chala. Manambala akatsika chala chikaphimba n'kukweranso chikachoka, ndiye kuti mawaya ali bwino. Akakakamira pafupi ndi 1023, resistor sinafike ku GND. Akakhala pa 0, LDR sikulandira magetsi. Akamangodumphadumpha popanda chifukwa, waya wopita ku A0 wasomphoka.

Pali vuto lina limene limadza zonse zitalumikizidwa bwino, pamene nyale imaphethiraphethira madzulo m'malo moyaka. Izi zimachitika kuwala kwa LED kukamagwera pa LDR, chifukwa Arduino imayesa kwacha n'kuzimitsa nyale, mdima n'kubwerera, nyale n'kuyakanso. Kutalikitsa ziwirizi kumathandiza, koma mankhwala enieni ndi kuika malire awiri mu pulogalamu, mwachitsanzo kuyatsa nambala ikatsika pansi pa 300 ndi kuzimitsa pokhapokha ikakwera kupitirira 400. Manambala amenewa sayenera kungokoperedwa m'buku, pakuti chipinda chilichonse chimawala mosiyana. Wophunzira ayenera kuwerenga a pamalo pake masana ndi madzulo asanasankhe malire.