Buku Limodzi Lingazungulire Makomo Asanu ndi Atatu

Pa Chiponde nkhani sizisowa. Madalaivala a mathiraki amacheza podikira mapepala pachipata, a kabaza amabwera ndi za ku Mandimba, obwera ku Joni nawo amafika ndi zawo. Chosowa ndi mabuku, ndipo ochepa amene alipo agona m'masutikesi momwe chiswe chikuwadya mwakachetechete. Munthu akawerenga buku yekha n'kulitseka, pakatha mwezi amakhala ataiwala ngakhale dzina la mwininkhani. Koma akalikambirana ndi anzake, n'kutsutsana nawo za zochita za anthu a m'bukumo, nkhaniyo imakhazikika m'mutu kwa zaka. Ndiye tiyeni ndikuonetseni mmene mabanja ochepa angayambitsire gulu lowerenga ndi kukambirana mabuku, popanda kudikira bungwe lililonse.

Yambani ndi anthu. Itanani asanu ndi mmodzi, mukachulutsa asanu ndi atatu, okhala moyandikana moti mwana atha kutumidwa kukapereka buku pakhomo lina. Mukachuluka kuposa apo, buku limodzi lidzatenga nthawi yaitali kuti lizungulire, ndipo woyamba kuliwerenga adzafika pa tsiku lokambirana ataiwala zonse. Musasankhe ophunzira okhaokha. Agogo amene sadziwa kuwerenga, koma amatchera khutu mdzukulu akamawawerengera mokweza, alowe nawo. Kawirikawiri ndi iwo amene amayamba kuzindikira pamene wolemba wapotoza mwambo.

Musanatulutse ndalama, fufuzani zimene zili kale m'nyumba zanu. Ana ena amene adamaliza Fomu 4 adasiya mabuku a nkhani ndi ndakatulo za Chichewa. Aphunzitsi opuma ntchito amakhala nawo mabuku, ndipo ambiri sakana kubwereketsa akaona kuti pali dongosolo. Kafunseninso kwa ahedi a sekondale yapafupi ngati laibulale yawo ingabwereketse makolo. Zonse zimene mwapeza zilembedwe m'kope limodzi: dzina la buku, mwini wake, amene walitenga, ndi tsiku lobweza. Kopelo lisungidwe ndi munthu mmodzi wosachita manyazi kulondola ngongole.

Za ndalama ndinene mosabisa. Aliyense akamaponya K1,000 pamwezi, anthu asanu ndi atatu asonkha K8,000. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha mu Novembala 2023 zinthu zakwera, ndipo musayembekeze kuti ndalama imeneyi izigula buku latsopano mwezi ndi mwezi. Sungani ya miyezi iwiri kapena itatu. Musatume munthu ulendo wa buku lokha, chifukwa ya minibasi idzadya ndalama yonse. Dikirani wina amene ali kale ndi ulendo wa kuboma ku Mangochi, ku Zomba kapena ku Limbe, mumulembere mayina a mabuku atatu papepala kuti likasowa loyamba agule lachiwiri. Ayang'ane ku sitolo za CLAIM Mabuku, komanso kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu, kumene mtengo umanenereredwa. Mumuuze kuti asanalipire atsegule kumapeto aone ngati masamba omaliza alipo. Buku lakale limayamba kuthothoka kumbuyo, ndipo n'zowawa kuwerenga masabata awiri n'kupeza kuti mathero ake adakulungira mandasi.

Buku likakhala limodzi, pali njira ziwiri. Mutha kupatsana, aliyense masiku atatu kapena anayi, ndipo pakatha mwezi lazungulira. Kapena muzikumana kawiri pasabata madzulo, wina n'kumawerenga mokweza mutu umodzi kapena iwiri, theka la ola basi. Ine ndimakonda njira yachiwiriyi pa mabuku a Chichewa, chifukwa palibe wotsalira m'mbuyo, ndipo Chichewa cha olemba akale chimakoma chikamveka m'khutu. Owerenga azisinthana, ana asukulu apatsidweko mpata, koma musawadzudzule pagulu akapunthwa pa liwu.

Tsiku lokambirana likhale limodzi pamwezi, ola limodzi ndi theka. Pewani Lachisanu masana, Lamulungu m'mawa ndi tsiku la msika. Loweruka chakumadzulo, dzuwa litapepa, ndi nthawi imene imakomera ambiri. Nyengo yabwino yoyambira ndi mukakolola, kuyambira Meyi, pamene manja apuma.

Buku loyamba likhale lalifupi ndi la Chichewa. Ndikadakhala inu ndikadayamba ndi Nthondo, limene Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa ku mishoni ya Nkhoma, adalemba ndipo lidapata mphoto mu 1933. Likutsata munthu mmodzi kuyambira kubadwa kwake, ubwana wake wovuta, ulendo wokafuna ntchito kutali, mpaka kubwerera kwawo. Kuno kumene pafupifupi banja lililonse lili ndi wake ku South Africa kapena ku Mozambique, palibe amene adzasowe chonena. Amayi adzafunsa za otsala pakhomo, abambo adzakamba za zimene ulendo umachita kwa munthu, anyamata adzateteza wopitayo. Lina losavuta kuyamba nalo ndi Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe, limene limautsa mkangano wabwino pa nkhani ya nsanje pakati pa abale.

Tsopano pa kukambirana penipenipo, pamene magulu ambiri amafera. Musayambe ndi funso loti “Buku linali bwanji?” Yankho lake ndi “Linali bwino,” kenaka zii. Funsani zoti munthu asankhe mbali. Ndani m'bukumu amene mukadamulandira pakhomo panu, ndipo ndani mukadamubweza? Ndi pati pamene mudaima n'kunena kuti izi sizingachitike? Mukadakhala mayi ake a mnyamatayu, mukadatani? Mafunso otere amatsegula pakamwa ngakhale pa munthu wamanyazi.

Ayambe kuyankha ndi wamng'ono pa onse, akuluakulu ndi aphunzitsi amalize. Mukudziwa mmene tidaleredwera: mkulu akanena kuti bukuli ndi labwino, mtsikana wa Fomu 2 sangatsutse, ngakhale ali ndi mfundo yakuthwa. Aphunzitsi nawo, mwaulemu ndithu, akumbutsidwe kuti pano si m'kalasi, palibe kuchonga mayankho. Wotsogolera asinthidwe mwezi uliwonse, ndipo ntchito yake ikhale yoona kuti aliyense wayankhulapo, osati kufotokoza nkhani yonse kuyambira tsamba loyamba. Kubwereza nkhani imene nonse mwawerenga kumadya ola lathunthu pachabe.

Wina akati buku silidamusangalatse, musamuyang'ane ngati walakwa. Mufunseni atsegule tsamba limene lidamutopetsa, aliwerenge, anene chifukwa. Woyamikira nayenso achite chimodzimodzi. Maganizo opanda tsamba amasanduka mkangano wa anthu, pamene tsamba likakhala patsogolo mumatsutsana ndi wolemba. Ndipo amene mfundo yake ikutuluka bwino m'Chiyao ayankhule Chiyao. Buku likhoza kukhala la Chichewa kapena Chingerezi, koma maganizo abwere m'chiyankhulo chimene munthu amaganizira.

Chenjezo lina ndi la chipembedzo. Pagulu panu padzakhala Asilamu ndi Akhristu, ndipo mabuku ambiri akale a Chichewa adatuluka m'manja mwa a mishoni. Nthondo nalonso lili ndi mbali imeneyo, ndipo siyobisika. Gwirizanani poyambirira kuti mudzakamba zimene wolemba ankafuna kunena ndi chifukwa chake adalemba choncho pa nthawi yake, koma ulaliki utsale ku mzikiti ndi ku tchalitchi. Wotsogolera akaona kuti nkhani yakhotera uko, aibweze ndi funso lina.

Amene sadamalize buku asajombe chifukwa cha manyazi. Abwere, anene pamene adalekezera. Kudziwa pamene anthu amatopera n'kothandiza posankha buku lotsatira.

Mphindi 15 zomaliza zikhale za kusankhako. Apa pamafunika chilungamo, apo ayi anthu awiri olankhula kwambiri ndi amene azidzasankhira gulu lonse chaka chathunthu. Chitani monga pa chipereganyu: aliyense ali ndi mwezi wake. Mwini mweziwo abwere ndi mabuku awiri m'manja, afotokoze lililonse mwachidule osaulula mathero, gulu lisankhe limodzi pokweza manja. Ndanena kuti m'manja. Musasankhe buku limene wina adangolimva pa wailesi, chifukwa mwezi udzatha mukulisaka.

Sinthasinthani zakudya za m'mutu. Mukamaliza nkhani yopeka, tengani ya moyo wa munthu weniweni, monga The Boy Who Harnessed the Wind, limene William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu adalemba ndi Bryan Mealer mu 2009. Akusimba za njala ya 2001 ndi 2002, kusiya kwake sukulu chifukwa chosowa fizi, ndi makina opanga magetsi ndi mphepo amene adamanga ataona chithunzi m'buku lobwereka ku laibulale. Ndi la Chingerezi, choncho wina aziwerenga ndime n'kumasulira, ndipo mulipatse miyezi iwiri. Akuluakulu amene adaiona njala imeneyo kuno adzakhala ndi zambiri zoonjezera.

Likapezeka, ngakhale ndi lovuta kulipeza, musalole kuti likudutseni Chiikala cha Wayao, mbiri ya Ayao imene Yohanna Abdallah, wansembe wa Anglican wa ku Unangu ku Niassa, adalemba m'Chiyao, ndipo idasindikizidwa ku Zomba mu 1919 pamodzi ndi kumasulira kwa Chingerezi. Muli nkhani za mafumu monga Mataka ndi Makanjila. Funsani kwa ana anu amene ali ku yunivesite ku Zomba. Kalembedwe kake n'kakale, muziwerenga pang'onopang'ono, ndipo tsiku limenelo itanani nkhalamba za m'mudzi zidzayerekeze ndi zimene zidamva kwa makolo awo. Ndakatulo za Jack Mapanje, mwana wa boma lathu lino wobadwira ku Kadango, amene adatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991, zidikire kufikira gulu litakhwima. Chingerezi chake n'chophiphiritsa, ndipo ndakatulo imodzi ya mu Of Chameleons and Gods ikwanira tsiku lonse.

Mvula ikagwa musaumirire mabuku aatali. Kuyambira Disembala mpaka Malichi anthu amaweruka kumunda atatopa, ndiye tengani nkhani zazifupi za m'nyuzipepala, za mu Tikambe kapena Tamvani, zoti muwerenge ndi kukambirana tsiku lomwelo. M'mwezi wa Ramadhani funsani anzanu osala ngati akufuna kusintha nthawi kapena kupumira.

Buku lililonse likutidwe ndi kalendala yakale kapena pepala la khaki lisanayambe ulendo wake. Mabuku a gulu asungidwe m'ndowa ya pulasitiki yokhala ndi chivindikiro, pamwamba, osati pansi kapena motsamira khoma la dothi. Powerenga usiku gwiritsani nyale ya sola kapena tochi. Koloboyi amadetsa masamba ndi mwaye, ndipo akagubuduka mwataya buku ndi mphasa yomwe. Lamulo limodzi likhale lolimba: buku la gulu silibwereketsedwa kwa munthu wakunja kwa gulu, ngakhale ndi mlamu wanu, ndipo siliwoloka malire. Wotaya buku agule lina, kapena abweze mtengo wake m'miyezi iwiri. Lamuloli lilembedwe patsamba loyamba la kope lija, ndipo aliyense asayine kapena adinde chala tsiku loyamba, buku lisanatayike.