Jambulani Munda Wanu Papepala Khasu Lisanagwe Pansi

Mwezi wa Seputembala ndiyo nthawi yokonzekera dzinja likudzali. Ambirife timalemba mndandanda wa zofunika: mbewu, feteleza, aganyu. Mndandanda umatikumbutsa zogula, koma susonyeza mmene chinthu china chimakhudzira chinzake. N'chifukwa chake phunziro lino likunena za kujambula maganizo, njira imene m'Chingerezi amaitcha mind map. Anaitchukitsa ndi Tony Buzan wa ku Britain mu 1974 pa wailesi yakanema ya BBC, koma aliyense wodziwa maonekedwe a mtengo angathe kuigwiritsa ntchito.

Tengani pepala lalikulu, ndipo pakati pake mulembe funso limodzi: "Kodi banja lathu lidzadya chiyani kufikira kukolola kwina?" Limeneli ndilo thunthu. Kuchokera pamenepo tulutsani nthambi zisanu: chakudya, ndalama, nthaka, manja ogwira ntchito, ndi ngozi. Nthambi iliyonse ibale timphanda ta liwu limodzi kapena awiri. Pa chakudya: chimanga, nshawa, kandolo. Pa ndalama: soya, thonje, mpendadzuwa, chakhumi. Pa nthaka: maenje, manyowa, msangu. Pa ngozi: chilala, mbozi, kuchedwa kwa feteleza.

Musajambule nokha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Amayi, abambo ndi ana osinkhuka akhalepo onse, ndipo ganizo lililonse lilembedwe lisanatsutsidwe. Amene sadziwa kulemba ajambule chitsononkho kapena mbuzi.

Tsopano ifika ntchito yeniyeni: kulumikiza ndi mzere timphanda tokhudzana. Nshawa zidzalumikizika ku chakudya, ku ndalama ndi ku nthaka, popeza zimasiya chonde m'munda. Mbewu yogwira nthambi zitatu isamanidwe malo. Maenje adzalumikizika ku manja. Potsata muyeso wa masentimita 90 pakati pa mizere ndi 70 mumzere, lima imodzi imafuna maenje pafupifupi 4,000. Anthu awiri sangawakumbe m'masiku ochepa a Novembala, motero ntchitoyi iyambike lero. Kupalira chimanga ndi kupalira thonje kumagwera pamodzi mu Disembala ndi Januwale, pa manja omwewo, ndipo ife osunga Sabata tili ndi masiku asanu ndi limodzi ogwira ntchito. Mizere ikapanikizana pamenepo, chepetsani munda umodzi pepala likadali m'manja, udzu usanakukakamizeni kutero.

Nthambi ya ngozi musaithawe. Pa 29 Febuluwale 2024 Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse, ndipo ife a kwa Nyampande ndi madera ena a Petauke ndi Nyimba tinachiona ndi maso athu. Lembani mzere kuchokera pa liwu lakuti chilala kupita ku kamphanda kalikonse kamene kangafe nacho. Ngati nthambi yonse ya chakudya yagwidwa, onjezerani chinangwa, mapira kapena dimba.

Pa Luka 14:28 Ambuye akutiphunzitsa kuwerengera mtengo tisanayambe kumanga. Mukatsiriza, lembani mwezi ndi dzina la wogwira ntchito pa kamphanda kalikonse, mupachike pepalalo pakhoma, ndipo mudzilionanso pamodzi mwezi uliwonse kufikira zokolola zitalowa m'nkhokwe.