Nsalu Yokulungira Khanda, Nsalu Yokulungira Mtembo

Tiwerenge: Luka 2:1-7, Luka 23:50-56, Aroma 6:3-5.

Amayi anzanga mwa Ambuye, mukawerenga ndime ziwiri za Luka zija motsatizana, muona chinthu chimene ambiri timachidumpha. Yesu atabadwa, amake anamukulunga m'nsalu n'kumugoneka modyera ziweto. Atamwalira, Yosefe wa ku Arimateya anamukulunga m'nsalu n'kumugoneka m'manda osemedwa m'thanthwe. Ntchito yake ndi imodzimodzi: kukulunga ndi kugoneka. Mure amene anzeru a kum'mawa anapereka kwa mwanayo (Mateyu 2:11) ndi yemweyonso amene Nikodemo anabwera naye pokonza mtembo (Yohane 19:39).

Akhristu akale ojambula zithunzi anaziona zimenezi, ndipo anaziphunzitsa ndi utoto kwa anthu amene ambiri a iwo sankadziwa kuwerenga. M'matchalitchi a Orthodox, monga a ku Greece ndi ku Russia, chithunzi cha kubadwa kwa Yesu sichifanana ndi chija timachiona pamakadi a Khirisimasi. Mulibe khola laudzu. Muli phanga lakuda bii m'mbali mwa phiri. Chodyera ziweto nthawi zambiri amachijambula ngati bokosi lamwala, ndipo khanda amalizenga ndi timizere ta nsalu kuyambira m'khosi mpaka kumapazi, monga ankachitira ndi mitembo. Munthu akangoyang'ana mwachangu angathe kufunsa kuti: kodi apa wina wabadwa kapena waikidwa? Wojambulayo amafuna kuti tifunse funso lomwelo. Luka sanatchule phanga, koma Justin Martyr, amene analemba cha m'ma 150, ananena kuti Yesu anabadwira m'phanga, ndipo tchalitchi choyamba cha pamalopo ku Betelehemu chinamangidwa pamwamba pa phanga m'nthawi ya mfumu Constantine.

Pansi pa chithunzi chomwecho, pakona, pamakhala amayi awiri akusambitsa khanda m'beseni. Amenewa ndi azamba. M'Baibulo mulibemo, anachokera m'nkhani zakale zimene Akhristu ankasimba, choncho tisawaphunzitse ngati Malemba. Komabe ine ndimakondwa kuti ojambulawo anakumbukira kuti pobadwa mwana pamakhala madzi, beseni ndi manja a amayi.

Chithunzi chimene chimandigwira mtima koposa ndi cha imfa ya Mariya. Nachonso n'cha mwambo wa mpingo, pakuti Baibulo silinena za kumwalira kwake. Chimodzi chotchuka chili m'nyumba ya Chora mumzinda wa Istanbul ku Turkey. Chinapangidwa cha m'ma 1320 pomata pakhoma timiyala ndi timagalasi tamitundumitundu. Nyumbayo inamangidwa ngati tchalitchi, ndipo mu 2024 inatsegulidwanso ngati mzikiti. Mariya wagona pakama, wamwalira, atumwi amuzungulira ali ndi chisoni. Kumbuyo kwa kamayo kwaima Yesu, ndipo m'manja mwake wanyamula kakhanda kokulungidwa m'nsalu. Kakhandako ndi mzimu wa amake. Taonani mmene zinthu zatembenukira! Amene anafukatidwa ndiye wafukata. Mayi amene anabala mwana m'dziko lino, tsopano mwanayo akumulandira ngati wobadwa kumene m'dziko linalo.

Ku Roma, m'tchalitchi cha Petro Woyera, muli chosema cha Michelangelo chotchedwa Pietà, chimene anachimaliza mu 1499 ali ndi zaka 24. Mariya wakhala pansi, mtembo wa mwana wake wamkulu uli pamiyendo, monga mmene mayi amagonekera khanda likatha kuyamwa. Nkhope ya Mariya ndi ya mtsikana, osati ya mayi wa mwana wa zaka zoposa 30. Anthu akhala akutsutsana za chifukwa chake. Kwa ine, mayi aliyense amene anaikapo mwana wamkulu akudziwa kuti tsiku limenelo amaona khanda lake lija.

Nawonso amisiri omanga anachita chimodzimodzi ndi malo obatizira. Ku Milan, ku Italy, pansi pa bwalo la tchalitchi chachikulu, mpaka lero kukuoneka dziwe la mbali 8 limene anthu amakhulupirira kuti ndimo Ambrose anabatizira Augustine wa ku Africa pa Pasaka wa 387, mayi ake Monica akadali moyo. Nyumba zobatiziramo za nthawiyo zinkafanana ndi nyumba za manda a anthu olemekezeka a ku Roma. Munthu ankatsikira m'madzi ngati akutsikira m'manda, n'kutuluka wonyowa ngati wochoka m'mimba. Ndi zimene Paulo akuphunzitsa m'ndime ya Aroma ija. Mbali 8 zija zinkakumbutsa tsiku lotsatira Sabata, tsiku la kuuka. Mukadzalowa m'tchalitchi chanu Lamulungu likubwerali, kawerengeni mbali za mwala wobatizira ngati ulipo.

Ife amayi a kuno zimenezi si zachilendo, kungoti sitinazijambule pakhoma. Chikuta n'chathu, siwa ndi yathunso. Timasambitsa khanda, timasambitsanso mtembo wa mayi mnzathu. Chitenje chatsopano timapita nacho kuchipatala kukalandira mwana, ndipo nsalu yatsopano imafunikanso pokonza maliro. M'madera ambiri mwana ametedwa tsitsi potuluka m'chikuta, ndipo anamfedwa ametanso maliro akatha.

Tsono pali malo amodzi pamene nsalu ziwirizi zimasanduka imodzi, ndipo apa m'pamene phunziro lathu likutiluma. Ndi pamene khanda labadwa lakufa kale, limene ena amati nthayo, kapena latsamaya patangopita maola ochepa. Mwambo wa m'midzi yambiri umati amayi okhaokha akaliike mwakachetechete, popanda nyimbo, ndipo mayiyo amauzidwa kuti asalire, adzabereka wina. Chitenje chimene anagulira kuberekera ndicho chimakhala chovala cha kumanda. Amabwerera kunyumba mawere akutuluka mkaka, manja ali lende. Ife amene timafika mwamsanga ndi ufa ndi nkhuni pamaliro a munthu wamkulu, kwa mayi uyu timazengereza, mwina poopa kumukumbutsa. Ndikuganiza kuti iye saiwala, amangoona kuti tonse taiwala.

Pokambirana m'magulu, yambani ndi chithunzi cha Yesu atanyamula mzimu wa amake ngati khanda: kodi chingatithandize kuyankhula bwanji ndi wodwala amene akuopa imfa? Kenaka mufunsane moona mtima: m'chaka chathachi, ndi amayi angati mumpingo mwathu amene anataya makanda kapena kupita padera, ndipo ndani mwa ife anapita kukakhala nawo? Musatchule maina pagulu. Amayi atsogoleri asankhe awiri oti akacheze kwa mayi aliyense wotere sabata ino, ndipo akambirane ndi abambo ansembe za pemphero limene lingachitike pakhomopo ngati mwini wake afuna.